Zipolopolo zopanda mkombero m'mfuti zothyola pakati

Anthu ambiri kuno ku Blantyre akamva za mfuti yothyola pakati, m'maganizo mwawo mumabwera mfuti ya chifefe, ija ya mlonda wa pa esiteti kapena ya mlenje wa nkhanga, imene munthu amakankha kachitsulo ka pamwamba, mipope n'kugwada pa hinjesi, kenako n'kulongamo zipolopolo ndi dzanja. Koma pali mtundu wina wa mfuti zothyola umene umaphatikiza mipope yosiyana ntchito pa thupi limodzi, wina wosalala m'kati wowombera timipira ta mtovu tomwazika, wina wokhala ndi mizere yopota imene imazunguza mutu umodzi wa chipolopolo kuti ukagwe kutali molunjika. Kwawo kwenikweni kwa mfuti zimenezi ndi ku Germany ndi ku Austria, makamaka m'matawuni a Suhl ndi Ferlach, kumene amisiri akhala akuzisula kwa mibadwo yambiri. Ya mipope itatu amaitcha Drilling, ya mipope iwiri yosanjikizana amaitcha Bockbüchsflinte, pamene ya mipope iwiri yogundizana m'mbali inafala kwambiri kumwera kwa Africa mpaka Angelezi anaipatsa dzina loti Cape gun. Cholinga chake n'chakuti mlenje akalowa m'tchire asavutike kusankhiratu nyama, popeza nkhwali ikavumbuluka ali ndi mpope wake, ndipo nguluwe ikatulukira alinso ndi mpope wake.

Funso limene limavutitsa munthu wofuna mfuti yotere likukhudza mpope wa mizere uja: kodi n'kwanzeru kuulongamo zipolopolo zimene anazipangira mfuti za mtundu wina? Zipolopolo zimene anazipangira mfuti zothyola, monga 7x57R, 7x65R kapena 9.3x74R, n'zosowa kuno kwathu, pamene zimene zafala m'chigawo chino cha Africa, monga .308 Winchester ndi .30-06 Springfield, anazipangira mfuti za mtundu wina. Kusiyana kwake kuli pa kanthu kochepa kwambiri kumatako kwa chigoba, koma kanthu kameneka ndi kamene kamalamula mmene chipolopolo chimakhalira m'mfuti ndiponso mmene chigoba chimatulukira.

Chipolopolo chili ndi chigoba cha bulasi, wonga m'kati mwake, mutu umene umauluka, ndi primer, kabatani kakumatako kamene kamayatsa wonga kakamenyedwa. Pa chipolopolo cha mkombero, matako a chigoba amatambalala kuposa thupi lake monga mmene mkombero wa lichero umatulukira kunja, ndipo chilembo cha R pa dzina ngati 7x57R chimaimira mkombero womwewo, umene Ajeremani amautcha Rand. Pa 7x57R thupi la chigoba ndi lotambalala pafupifupi mamilimita 12 pamene mkombero ndi mamilimita 13.5. Aliyense amene anagwirapo chipolopolo cha .303, chija cha mfuti za Lee-Enfield zimene asilikali a KAR, gulu lankhondo la nthawi ya atsamunda, ankanyamula, mkombero umenewu amaudziwa, ndipo chipolopolo chilichonse cha chifefe chili nawo. Pa chipolopolo chopanda mkombero, matako ndi ofanana kukula ndi thupi, ndipo m'malo mwa mkombero amagoba kangalande kozungulira chigoba, kozama pafupifupi mamilimita 0.8 pa .308, kuti chozulira, chitsulo chotulutsa chigoba m'mpope, chipeze pogwira. Palinso mtundu wachitatu wokhala ndi lamba pamwamba pa kangalandeko, monga .375 Holland & Holland Magnum ya mu 1912, koma pa nkhani yozula chigoba mtundu umenewu umavuta chimodzimodzi ndi wopanda mkombero.

Mkombero sunachotsedwe mwangozi. Asilikali a ku Germany atalandira chipolopolo chawo cha mamilimita 8 mu 1888, chinali chopanda mkombero chifukwa ankafuna zipolopolo zosanjikizana bwino m'magazini, kabokosi kosungiramo zipolopolo m'mfuti, zimene zingatsetsereke chimodzi pamwamba pa chinzake popanda kukolana. Mkombero m'magazini ndi chopunthwitsa, ndipo ogwiritsa ntchito .303 amadziwa kuti mkombero wa chipolopolo chapamwamba ukakhala kumbuyo kwa wa chapansi, mfuti imakakamira. Choncho 7x57 Mauser ya mu 1892, 9.3x62 imene Otto Bock wa ku Berlin anakonza mu 1905, .30-06 ya mu 1906 ndi .308 ya mu 1952, zonsezi zinabadwira mfuti za bolt-action, zimene zimatsekedwa ndi mpiringidzo wotchedwa bolt umene munthu amaukankha n'kuupotoza ndi dzanja, ndi zina zokhala ndi magazini. Amisiri a ku Germany ataona kuti alenje a mfuti zothyola akusirira zipolopolo zatsopanozi, sanazikakamize kulowa m'mfuti zawo, koma anazipangira mapasa okhala ndi mkombero: 7x57 inapeza 7x57R, 7x64 ya Wilhelm Brenneke inapeza 7x65R, 8x57 IS inapeza 8x57 IRS, ndipo 9.3x74R imagwira ntchito yofanana ndi ya 9.3x62. Holland & Holland nawonso anatulutsa .375 Flanged Magnum pamodzi ndi ya lamba ija, kuti mfuti zawo za mipope iwiri zikhale ndi chawochawo. Anthu amenewa ankadziwa chitsulo, ndipo sakanadzivutitsa kupanga zipolopolo ziwiri pa ntchito imodzi pakanakhala popanda chifukwa.

Chifukwa choyamba chili pa chozulira. M'mfuti yothyola, chozulira ndi chidutswa cha chitsulo chimene chinadulidwa kuchokera pa mlomo wakumbuyo wa mpope, chokhala ndi mwendo wotsetsereka m'kati mwa chitsulo cha mipope. Mfuti ikamathyoka, mwendowo umakankhidwa chammbuyo, ndipo chidutswacho chimanyamula chigoba mamilimita angapo kuti zala zithe kuchigwira. Ngati chigoba chili ndi mkombero, ntchitoyi ndi yapafupi zedi, chifukwa mkombero uli kunja kwa thupi ndipo umangokhala pamwamba pa chozuliracho monga mmene mphika umakhalira pa mafuwa. Chozulira chotere ndi chitsulo chimodzi cholimba chopanda sipuling'i, chimagwira gawo lalikulu la mkombero, ndipo chimakankhidwa ndi mphamvu ya mipope yonse imene mlenje akuithyola ndi manja awiri.

Chigoba chopanda mkombero sichingakhale pa chozulira chotere. Thupi lake ndi lalikulu mofanana ndi matako, choncho bowo limene thupi ladutsamo, matakonso adutsamo, ndipo chozulira chouma chingangobwerera chokha n'kusiya chigoba m'mpope. Chimene chikufunika ndi kanthu kamene kangapatuke pamene thupi la chigoba likudutsa, kenako n'kulumphira m'kangalande kaja chipolopolo chikafika pamalo pake. Opanga mfuti amaika kambedza kapena kamsomali kakang'ono m'kati mwa chozulira, kokankhidwa ndi sipuling'i yopyapyala, ndipo ena amaika tiwiri. Mukamalonga chipolopolo mumamva kakukanda pa bulasi, kenako kamalira pang'ono kakalowa m'kangalande. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Kuzama kwa kangalande ndi kutalika kwa mkombero sizisiyana kwenikweni, zonse sizifika milimita imodzi, koma mkombero umagwidwa ndi chitsulo chosasuntha pa dera lalikulu, pamene kangalande kamagwidwa ndi kanthu kosuntha pa dera la mamilimita ochepa, kanthu kamene kayenera kukhala kofewa mokwanira kuti kapatuke komanso kolimba mokwanira kuti kazule chigoba chomatirira. Mfuti ya bolt-action ilibe vuto limeneli, popeza pa Mauser ya mu 1898 chozulira ndi chikhadabo chachikulu chimene chimagwira chigoba chikangochoka m'magazini, ndipo kukweza chogwirira cha bolt kumayamba kaye kugwedeza chigobacho chisanakokedwe.

Kambedza kameneka kamalephera m'njira zodziwika. Chigoba chikamatirira m'mpope chifukwa cha dzimbiri, litsiro kapena pulesha yochuluka ya mpweya wa wonga woyaka, kambedza kakhoza kudumpha m'kangalande kapena kung'amba kachidutswa ka bulasi, ndipo zikatero chigobacho chimatsala m'kati mopanda pochigwira ngakhale ndi chikhadabo kapena mpeni, kotero kuti njira yokha ndiyo kuchigogoda ndi ndodo yotsukira kuchokera kukamwa kwa mpope. Nthawi zina cholakwa chimachitika polonga, pamene munthu wakankha chipolopolo mopupuluma mpaka matako ake apitirira kutsogolo kwa kambedza, mfuti n'kukana kutsekeka kapena kutsekeka movulaza kambedzako. Ndiye palinso nyengo yathu. Fumbi la mwezi wa Okutobala likasakanikirana ndi mafuta m'kabowo ka sipuling'i limapanga phala limene limaumitsa kambedza, ndipo chinyezi cha chiperoni, chimene chimakuta Blantyre, Thyolo ndi Mulanje m'miyezi yozizira, chimadyetsa dzimbiri sipuling'i yopyapyalayo mfuti ili chikhalire m'kabati. Sindikunena kuti zimenezi zimachitika tsiku lililonse, chifukwa pa mfuti yopangidwa bwino ndi yosamalidwa kambedza kamagwira ntchito zaka zambiri popanda chodandaulitsa. Ndikungonena kuti pa mfuti ya mkombero zolakwika zimenezi zilibe poyambira.

Mkombero uli ndi ntchito yachiwiri imene ambiri saiganizira, yomwe ndi kuimitsa chipolopolo pamalo oyenera. Mpata umene umatsala pakati pa matako a chigoba ndi nkhope ya chitsulo chotseka kumbuyo, umene amisiri amautcha headspace, uyenera kukhala wochepa kwambiri. Pa chipolopolo cha mkombero, mkomberowo ndi umene umatsamira pa mlomo wa mpope, ndipo zimene zili kutsogolo, phewa ndi khosi la chigoba, zikhoza kukhala ndi kampata popanda choopsa. Chopanda mkombero chimaima chifukwa phewa lake lagunda phewa la m'kati mwa mpope, choncho utali wa kuchokera kumatako kukafika pa phewa uyenera kukhala wolondola. Chigoba chikatalika pang'ono chabe, mfuti ya bolt-action imachifinya n'kutseka chifukwa bolt imapotoka ngati sikuluwu, koma mfuti yothyola ilibe mphamvu yofinyira yoteroyo, ndipo imakana kutsekeka kapena imatsekeka mosafikapo, chimene chili choopsa kwambiri. Chigoba chikafupika, chipolopolo chimalowa mopitirira ndipo kamsomali komenya primer kamafika mofooka, makamaka popeza m'mfuti zambiri za mipope yosanjikizana timisomali timeneti timamenya mopendekera. N'chifukwa chake zipolopolo zachisilikali za 7.62x51, zimene primer yake imakhala yolimba, zimakonda kukanika kuphulika m'mfuti zotere ngakhale zimalowa m'mpope wa .308, ndipo kukhala nazo popanda chilolezo ndi mlandu kale.

Tsopano tifike pa pulesha, imene ndi chifukwa chachikulu chachiwiri chimene mapasa aja anabadwira. Bungwe la CIP, limene linakhazikitsidwa ku Liège m'dziko la Belgium mu 1914 kuti mayiko azigwirizana pa kayesedwe ka mfuti, limaika malire a pulesha pa chipolopolo chilichonse, pa muyeso wotchedwa bar. Pa 7x57 malire ndi bar 3,900 pamene pa 7x57R ndi 3,400, pa 7x64 ndi 4,150 pamene pa 7x65R ndi 3,800, pa 9.3x62 ndi 3,900 pamene pa 9.3x74R ndi 3,400, ndipo pa .375 ya lamba ndi 4,300 pamene ya mkombero ndi 3,250. Za .308 ndi .30-06 malire ake ndi 4,150 ndi 4,050. Kuti manambalawa amveke, kumbukirani kuti tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa pafupifupi bar 2 basi. Mphamvu yonseyo imakankha matako a chigoba chammbuyo, ndipo mmene mfuti imalandirira kukankhako zimadalira kapangidwe kake. Pa bolt-action mano a bolt amaluma chitsulo pafupi ndi matako a chigoba, molunjika ndi mpope. Pa mfuti yothyola hinjesi ili pansi ndiponso kutsogolo, kotero kuti kuwomba kulikonse kumayesa kuithyola mfutiyo monga mmene mphepo imayesera kutsegula chitseko, ndipo thupi lake limapindika pang'ono kwambiri kenako n'kubwerera. Mpope ukatalikirana ndi hinjesi, mphamvu yothyolayo imakula, ndipo ichi n'chifukwa china chimene pa Drilling yachizolowezi ndi pa Bockbüchsflinte zambiri mpope wa mizere umakhala pansi. Zaka zikamapita ndi pulesha yopitirira imene mfuti inapangidwira, pamayamba kuoneka kampata pakati pa mipope ndi nkhope yotseka, mfuti n'kuyamba kugwedera.

Pulesha yokwera ili ndi kavuto kena kapadera pa mfuti zothyola. Chitsulo chofewa cha primer chikhoza kukankhidwira m'kabowo ka kamsomali komenya, ndipo popeza mipope iyenera kutsetsereka pa nkhope yotseka kuti mfuti ithyoke, kachitsulo kotulukako kamakhala ngati mpiringidzo. Opanga mfuti za zipolopolo zamphamvu amachepetsa kukula kwa kamsomali ndi kabowo kake pofuna kupewa zimenezi, koma mfuti zakale zambiri zili ndi mabowo aakulu monga a chifefe.

Kutentha kumakweza pulesha ya wonga, ndipo ichi si chinthu chongowerenga m'mabuku kwa munthu amene amatsika phiri kuchoka ku Blantyre kupita ku Chikwawa kapena ku Nsanje, kumene m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Zipolopolo zosiyidwa padzuwa m'galimoto zimatentha kuposa pamenepo. Angelezi anaphunzira zimenezi ndi wonga wawo wa Cordite, umene unkalusa kwambiri m'mayiko otentha, ndipo n'chifukwa chake zipolopolo za Nitro Express zimene ankabwera nazo ku Africa ndi ku India zinali ndi zigoba zikuluzikulu za mkombero zogwira ntchito pa pulesha yotsika. Wonga wa masiku ano umapirira kutentha kuposa Cordite, komabe chipolopolo chimene chayambira pa 3,400 chili ndi malo okwerera ochuluka kuposa chimene chayambira pa 4,150.

Chilungamo chikufuna kuti tinenenso mbali inayo. Chitsulo cha masiku ano n'cholimba kuposa cha zaka 100 zapitazo, ndipo zotsekera zinapita patsogolo. Kuwonjezera pa mipiringidzo iwiri ya pansi ya mtundu wa Purdey, pali mpiringidzo wopingasa wa Greener ndi wa Kersten umene umagwira mipope chakumwamba, komanso chotsekera chimene Franz Jäger wa ku Suhl anakonza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, mmene kachitsulo kopendekeka kamaluma mpope weniweniwo kuti pulesha isafike pa hinjesi, monga zilili pa Blaser K95. Umboni woti pulesha payokha sinalinso chotchinga ndi .30R Blaser ya mu 1991, imene ili ndi mkombero koma malire ake ndi bar 4,050, ofanana ndi a .30-06. Ndipo makampani ambiri akhala akugulitsa mfuti zophatikiza za zipolopolo zopanda mkombero: Valmet 412 ya ku Finland ndi Baikal MP-94 ya ku Izhevsk m'dziko la Russia zinatuluka za .308 ndi .30-06, Savage 24 ya ku America inali ndi .222 ndi .223 Remington, ndipo Merkel, Krieghoff, Blaser ndi Zoli nawonso amapereka zoterezi. Mfuti iliyonse yodindidwa chizindikiro cha CIP inayesedwa ndi zipolopolo za pulesha yoposa malire ndi 25 peresenti kapena kupitirira apo.

Chimene chimakokera anthu ku .308 ndi .30-06 n'chodziwikiratu. Mfuti yopanda zipolopolo ndi chibonga chodula, ndipo m'dziko limene ndalama zakunja zimasowa, komanso kulowetsa zipolopolo kumafuna chilolezo cha apolisi, chipolopolo chimene chimapangidwa pafupi, monga mmene kampani ya PMP ya ku Pretoria yakhala ikupangira .308, .30-06 ndi .303, chili ndi mwayi waukulu kuposa 7x65R yochokera ku Ulaya. Munthu amene ali kale ndi bolt-action ya .308 amapindulanso posunga mtundu umodzi wa zipolopolo. Maganizo anga ndi akuti pa nyama zosabwezera, monga gwape, mbawala kapena nguluwe yowononga chimanga, mfuti yophatikiza yamakono imene inatuluka m'fakitale ili ya .308 kapena .30-06 ndi chisankho chomveka, chifukwa chigoba chikakanirira chimene mwataya ndi nthawi ndi nyama chabe. Pa njati kapena mvuu sindingavomereze konse, popeza pamenepo chigoba chokanirira chimasiya munthu ali ndi mpope wa chifefe wokha pamaso pa nyama yovulala, ndipo .308 si chipolopolo cha nyama zoterozo ngakhale chozulira chitakhala changwiro. Ngati zipolopolo za mitundu yonse iwiri zikanamapezeka mofanana, ndikanasankha cha mkombero popanda kuzengereza, pakuti liwiro limene 7x57R imataya poyerekeza ndi 7x57 ndi lochepa moti mbawala ya pa mamita 100 singalizindikire.

Chimene ndikuchenjeza kwambiri ndi maganizo otenga Drilling yakale, mwina yosiyidwa ndi makolo kapena yogulidwa kwa mwini esiteti amene anabwerera kwawo, n'kuipereka kwa mmisiri kuti aiboolere chipolopolo chopanda mkombero. Mfuti imene inayesedwera bar 3,400 kapena kucheperapo siyenera kusenzetsedwa 4,150, mpope wa mizere wa Drilling umakhala wopyapyala pofuna kuchepetsa kulemera, ndipo kubowola kwa mkombero kumene kulipo kale pa mlomo wa mpope kumasiya matako a chigoba chatsopanocho opanda chowachirikiza mokwanira. Kulonga 7x57 m'mpope wa 7x57R chifukwa choti manambala akufanana ndi kulakwitsanso, chifukwa ngakhale chipolopolocho chitalowa n'kuphulika, pulesha yake ndi ya mfuti ina ndipo chozulira sichichigwira. Pa mfuti zakale za mamilimita 8 pali msampha wina woposa pamenepa: mu 1905 Ajeremani anakulitsa mutu wa chipolopolo kuchoka pa mainchi .318 kufika pa .323 n'kuwonjezera chilembo cha S pa dzina, koma amisiri a mfuti zosakira anapitiriza kupanga mipope yopapatiza ija kwa zaka zambiri, choncho Drilling yolembedwa 8x57 IR kapena JR popanda S siyenera kulandira chipolopolo cha IRS. Mipope ya chifefe ya mfuti zomwezo nthawi zambiri ndi ya kukula kotchedwa 16 gauge, yokhala ndi malo a chigoba cha mamilimita 65, osati 70 ngati zambiri za lero. Zolemba zonsezi zimadindidwa pansi pa mipope, pamene pamaoneka mukachotsa thabwa lakutsogolo n'kumasula mipope pa hinjesi.

Kwa amene wasankha kale mfuti ya chipolopolo chopanda mkombero, ndipo ali ndi chiphaso cha mfuti cha apolisi komanso chilolezo cha nthambi yoona za nyama zakutchire pamalo ololedwa, osati m'nkhalango zotetezedwa ngati Majete kapena Lengwe, chisamaliro chake chimalunjika pa kambedza kaja. Musanagule, kankhani kambedza ndi kamtengo kosongoka kuti muone ngati kakubwerera msanga, ndipo pemphani kuwombera zipolopolo zingapo za mtundu umene muzidzagwiritsa ntchito, chifukwa kangalande sikagobedwa ndendende mofanana ndi makampani onse. Yang'anani matako a zigoba zowombedwazo: bulasi wong'ambika pamphepete kapena primer yophwatalala ndi yotumphuka mozungulira pomenyedwa ndi zizindikiro zoti mfuti ndi chipolopolocho sizikugwirizana. Polonga, tsamiritsani chipolopolo pa chozulira mpaka mumve kambedza kalowa, kenako mutseke mfuti mosamenyetsa. M'kati mwa mpope mmene mumakhala chigoba muzikhala moyera ndi mouma pa tsiku lowombera, chifukwa mafuta amalepheretsa bulasi kugwira makoma, mphamvu yonse n'kupita pa nkhope yotseka. Kabowo ka sipuling'i kazitsukidwa ndi kaburashi n'kudonthezedwa mafuta opepuka pang'ono chabe, makamaka dzinja likatha ndi chiperoni chisanayambe. Kambedza ndi sipuling'i yapadera ndi bwino kuziitanitsa pamodzi ndi mfutiyo, popeza sizinthu zoti mungakazipeze pa shelefu ku Limbe, ndipo m'chikwama cha kutchire musamasowe ndodo yotsukira yolumikiza zidutswa, yotalika kuposa mpope.